Kalulu Wovala Jekete: Kodi Ndi Woyenera Ana Athu?

Amayi anzanga, sabata ino tikambirane za buku la ana aang'ono lotchedwa The Tale of Peter Rabbit. Ambirife tikafuna kugulira mwana buku timangoyang'ana chikuto, tikaona nyama zokongola basi tatulutsa ndalama. Koma buku ndi mlendo amene adzacheza ndi mwana wanu masiku ambiri, choncho n'koyenera kumudziwa bwino asanalowe m'nyumba.

Amene analemba bukuli ndi kujambula zithunzi zake ndi mayi a ku England, a Beatrix Potter, omwe anabadwa mu 1866 ndi kumwalira mu 1943. Nkhaniyi inayamba ngati kalata imene analembera mwana wodwala wa zaka 5 m'chaka cha 1893. Osindikiza mabuku atawakana, mayiwa anasindikiza okha mabuku 250 mu 1901, ndipo mu 1902 kampani ya Frederick Warne ya ku London inalitulutsa ndi zithunzi zamitundumitundu. Bukuli ndi laling'ono, lokwana m'manja mwa mwana, chifukwa ndi mmene eni ake anafunira.

Nkhani yake ndi ya kalulu wamasiye wokhala ndi ana anayi. Tsiku lina pochoka pakhomo, iye anachenjeza anawo kuti asalowe m'munda wa ndiwo zamasamba wa bambo McGregor, pakuti bambo wawo anagwidwa komweko, mkazi wa mwini mundayo nawaphika. Ana atatu aakazi anamvera, napita kukathyola zipatso zam'tchire. Koma Peter analunjika kumundako, nalowera pansi pa chipata, nadya letesi ndi zitheba mpaka m'mimba kupweteka. Mwini munda atamuona anamuthamangitsa. Pothawa, Peter anataya nsapato, mabatani a jekete lake anakola mu ukonde, ndipo anapulumuka atalivula jeketelo. Anakabisala m'chitini chothirira mbewu muli madzi, nayetsemula, nathamangitsidwanso. Pofika kwawo anali atatopa, osavala, ndiponso akudwala. Mayi ake anamugoneka ndi kumupatsa tiyi wa mankhwala, pamene alongo ake anadya buledi, mkaka ndi zipatso.

Chinthu choyamba chimene ndikuyamikira ndi zithunzi. Mayi Potter ankaweta akalulu ndipo ankawajambula akuwaona, kotero kuti ngakhale Peter wavala jekete la buluu, thupi lake ndi la kalulu weniweni. Zovala zikatayika, timamuona ali chinyama chaching'ono chamantha, chothamanga ndi miyendo inayi. Mwana amene sanayambe sukulu angathe kutsata nkhani yonse ndi maso okha. Amenewa ndiwo mayeso a buku lililonse la zithunzi: phimbani mawu ndi dzanja, mufunse mwana kuti chikuchitika n'chiyani. Akatha kufotokoza, bukulo ndi labwino.

Chachiwiri ndi chakuti bukuli silinamiza mwana. Amayi ena angadandaule ndi mawu onena za imfa ya bambo ake a Peter. Ine ndikuti musawadumphe. Mwana amene waona nkhuku ikuphedwa pakhomo adziwa kale kuti nyama zimadyedwa, ndipo imfa imeneyi ndiyo imapereka mphamvu ku chenjezo la mayi uja. Iye sanangoletsa, koma ananena chifukwa chake. Ifenso poletsa ana kusewera pachitsime kapena pamsewu, tiziwauza chifukwa. Onaninso kuti mayiyo sanatenge mkwapulo. Mantha, kuzizidwa ndi kugona osadya zokoma zinakwana kukhala chilango. Akulu anati samva adamva nkhwangwa ili m'mutu. Peter nkhwangwayo inangomudutsa pafupi.

Ana athu amamudziwa kale Kalulu wa m'nthano zathu, uja anakana kukumba nawo chitsime koma n'kumamwa madzi popusitsa alonda ndi uchi. Kalulu wathu amapulumuka ndi nzeru zake. Peter alibe nzeru zotere: amasochera, amalira, ndipo amapulumuka movutikira. N'chinthu chabwino kuti mwana awadziwe onse awiri, aone kuti si kuba kulikonse kumene kumathera m'kuseka.

Zofooka ziliponso. Ana aakazi omvera aja nkhani yawo yatha ndi mizere yowerengeka, pamene mnyamata wosamvera watenga buku lonse, ndipo mtima wa mwana umapita kwa iye. Bambo McGregor nawo aoneka ngati munthu woopsa, chonsecho akungoteteza thukuta lawo. Mayi aliyense amene anathirira dimba chilimwe chonse n'kupeza ndiwo zitadyedwa adzawamvetsa bambowa. Mufunseni mwana kuti, "Nanga ukanakhala munda wa agogo ako, ukanamva bwanji?" Komanso bukuli linalembedwa m'Chingerezi, ndipo mawu ena ndi zipatso zina ndi zachilendo kwa ana athu.

Choncho malangizo anga ndi awa: mukalipeza, ndi loyenera mwana wa zaka 3 mpaka 6, koma musamutayire yekha. Mukhazikeni pamiyendo, mutsegule tsamba ndi tsamba, mumufotokozere m'Chichewa monga mmene agogo ankachitira nthano madzulo. Ngati Chingerezi chikukuvutani, zithunzi zidzakutsogolerani, kapena mkulu wake wa kusukulu akuwerengereni. M'mera m'poyamba, amayi anzanga.