Biti ya ku Mulanje imveke kuti ndi ya ku Mulanje

M'misika ya Chitakale, Limbuli ndi Chisitu m'boma la Mulanje, nyimbo za hip-hop zikumveka tsiku ndi tsiku m'mashopu oikira nyimbo m'mafoni komanso m'maminibasi opita ku Limbe. Zambiri mwa nyimbo za achinyamata ongoyamba kumene zikupangidwa m'tizipinda ting'onoting'ono, pa laputopu imodzi yokhala ndi pulogalamu ngati FL Studio. Womvetsera mwachidwi azindikira kanthu kena: oimba ndi osiyana, koma zing'wenyeng'wenye zake zikufanana ngati zatuluka m'situdiyo imodzi.

Gwero la kufananaku ndi ma preset, omwe ndi mamvekedwe okonzeratu amene amabwera ndi synthesizer, chida cha pakompyuta chopangira mawu a zoimbira. Wopanga biti amangosankha piyano, belu kapena besi pa mndandanda, n'kuyamba kuimba. Njira ina ndi yoti iye aphunzire kuumba yekha mamvekedwewo. Funso lomwe achinyamata akukumana nalo n'lakuti: nthawi yawo aithere pa chiyani?

Ma preset sitingawanyoze. Yamaha DX7, yomwe idatuluka mu 1983, idali yovuta kusintha kotero kuti oimba ambiri otchuka adangogwiritsa ntchito mamvekedwe omwe idabwera nawo, ndipo nyimbo zawo zidagunda dziko lonse. Kwa mnyamata wa ku Mulanje palinso zifukwa za m'thumba. Woimba amalipira zochepa ndipo amafuna nyimbo yake tsiku lomwelo, pomwe magetsi angathime nthawi ina iliyonse. Amene atha maola atatu akusula mawu amodzi akhoza kugona ndi njala.

Komabe mbiri ya hip-hop ikusonyeza kuti mamvekedwe atsopano amabadwa munthu akayamba kusintha zomwe wapatsidwa. Makina a ng'oma a Roland TR-808 adatuluka mu 1980 ndipo sadayende malonda, chifukwa ankamveka mosafanana ndi ng'oma zenizeni. Opanga mabiti ku America adatalikitsa kulira kwa ng'oma yake yaikulu, pambuyo pake n'kuyamba kuiimbitsa manoti ngati besi, ndipo lero 808 ndiye msana wa chamba cha trap. Ku South Africa nako, log drum ya amapiano idachokera pa preset ya mu Fruity DX10, kachida kakale ka mu FL Studio, komwe achinyamata a ku Gauteng adakapotoza mpaka kadakhala chizindikiro cha dziko lawo. Onsewa adayambira pa zokonzeratu, koma sadaimire pomwepo.

Luso lakelo si lozama monga ena amaganizira. Pali zinthu zitatu zoyambira: gwero lotulutsa mawu, sefa yochotsa mbali ina ya mawuwo, ndi ndondomeko ya momwe mawu ayambire, akhalitse ndi kuzilala. Wodziwa zitatuzi amatha kuthetsa vuto lomwe lili ponseponse kuno kwathu. Amalawi ambiri amamvera nyimbo pa foni kapena pa kawailesi kakang'ono, zomwe sizitulutsa mawu otsika kwambiri. Besi ya 808 yokonzedwera ma sipika akuluakulu a m'makalabu a ku Atlanta imasowa ikafika pa foni ya wothyola tiyi ku Lujeri. Wodziwa kuumba mawu amaiwonjezera kaukali pang'ono kuti imveke ngakhale pa sipika yaing'ono, pomwe wodalira mndandanda amangodabwa kuti biti yake yapepuka bwanji.

Nkhani ya ndalama ikuloza komweko. Mapulogalamu monga Serum ndi Nexus, pamodzi ndi mitolo ya ma preset, amagulitsidwa m'madola, ndipo chichepetsereni mphamvu ya kwacha ndi 44 peresenti mu November 2023 mitengo yake idafika posafikirika. Ambiri amathawira ku mapulogalamu akuba, omwe nthawi zina amabwera ndi mavairasi owononga ntchito yonse. Chonsecho Vital, yomwe idatuluka mu 2020, ndi Surge XT zimapezeka mwaulere, ndipo zimapindulira kwambiri munthu amene akudziwa kuzisintha.

Chachikulu koposa n'chakuti mndandanda wopangidwa ku Ulaya ulibe mawu a ku Mulanje. Gule wa Tchopa wa Alhomwe adalembedwa ndi UNESCO mu 2014 pa mndandanda wa chikhalidwe cha anthu onse, ndipo ng'oma zake zimalira chaka ndi chaka pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe kwa Chonde. Alan Namoko wa ku Thyolo adadziwika mpaka kunja ndi banjo yake ndi ng'oma zopanga pamanja. Tay Grin adadzipezera malo mu hip-hop potengera Gule Wamkulu. Foni yomwe mnyamata ali nayo m'thumba ikhoza kujambula ng'oma, mangolongondo, visekese kapena mkokomo wa madzi a Likhubula, koma kuti zojambulazo zisanduke zoimbira pamafunika luso lomwe lija la kudula, kusefa ndi kukonza manoti. Paja fodya wako ndi yemwe ali pamphuno.

Potenga za makolo pafunika ulemu. Tchopa ndi gule wa nsembe, choncho wojambula apemphe chilolezo kwa akuluakulu, awalipire oimba ng'oma ndi kuwatchula maina polembetsa nyimbo ku COSOMA.

Nzeru ndi kugawa nthawi. Ntchito ya kasitomala wofulumira ichitike ndi ma preset, koma sabata iliyonse wopanga biti atsegule preset imodzi, aone momwe idapangidwira, aisinthe, n'kusunga yakeyake. Pakutha pa chaka adzakhala ndi mamvekedwe 52 omwe palibe wina ali nawo ku Lilongwe, Lagos kapena Johannesburg, ndipo woimba wofuna mawu amenewo adzayenera kukwera basi ya ku Mulanje.