Chibale sichiola, ngakhale mu regression

Pali chizolowezi china pakati pa ife ophunzira za zamoyo chomwe ndikufuna titachisiya. Munthu amatenga mitundu 30 ya nsomba, kuyeza zinthu ziwiri pa mtundu uliwonse, kuponya manambalawo mu R, mzere wa regression n'kutuluka wokongola, p-value yochepetsetsa, basi wayamba kulemba kuti ichi chimayendera limodzi ndi icho. Ine ndikuti 30 ameneyu nthawi zambiri ndi wonama.

Regression wamba imatenga kadontho kalikonse ngati mboni yodziimira payokha. Koma mitundu ya zamoyo ili ndi makolo. Mukafunsa ana 10 a nyumba imodzi ndiwo yomwe amakonda, onse n'kuyankha kuti chigwada, simunafunse mabanja 10 ayi. Mwafunsa mphika wa mayi mmodzi kakhumi.

Joseph Felsenstein anaionetsa bwino nkhaniyi mu 1985 m'magazini ya The American Naturalist. Anayerekeza mitundu 40 yochokera kwa makolo awiri okha, 20 uku 20 uko. Mukaphatikiza yonse, mzere umaoneka wamphamvu. Mukayang'ana gulu lililonse palokha, palibe kanthu. Kusintha kunachitika kamodzi, pomwe makolo awiri aja anapatukana, koma kompyuta ikuwerenga ngati kunachitika maulendo 40.

Taganizirani za m'Nyanja ya Malawi. Mbuna zambiri zimapala ndere m'miyala, pomwe utaka umadya tizamoyo toyandama m'madzi. Mutayeza kutalika kwa matumbo ndi kuchuluka kwa ndere m'chakudya, mbuna zikhoza kuunjikana mbali imodzi, utaka mbali ina, mzere n'kudutsa pakati. Kodi matumbowo anatalika mobwerezabwereza chifukwa cha ndere, kapena n'cholowa cha kholo limodzi? Mwinadi ndi ndere, koma mzere umenewo pawokha sungakuuzeni.

Njira yake ilipo kale. Ya Felsenstein imayerekeza kusiyana kwa abale pa mphanda iliyonse ya mtengo wa chibale, m'malo moyerekeza mitunduyo mwachindunji. PGLS, yomwe ambiri akugwiritsa ntchito lero, imauza regression kuti abale apafupi akasempha mzere amasemphera mbali imodzi. Lambda ya Mark Pagel imayeza mphamvu ya chibalecho: ikakhala 0 mwabwerera ku regression wamba, ikayandikira 1 ndiye kuti chibale chagwira zolimba. Mapakeji a ape ndi caper ndi aulere, choncho za ndalama tisanamizire.

Ena amatsutsa kuti mtengo weniweni wa chibale sitiudziwa, ndipo pa nsomba zathuzi ali ndi mfundo. Mu 2018 Milan Malinsky ndi anzake atawerenga majini a mitundu 73 ya nsomba za banja limeneli m'nyanja yathu, anapeza kuti mtengo umodzi sukwanira kufotokoza ubale wawo, poti mitunduyi yakhala ikuswana ndi kusinthana majini. Komatu wokana mtengo wasankhanso mtengo mosadziwa, uja woti mitundu yonse inatumphuka tsiku limodzi kwa kholo limodzi, wopanda nthambi. Umenewo ndiye tikudziwiratu kuti ndi wolakwika. Kuli bwino kuyesa PGLS pa mitengo ingapo yomwe akatswiri akukanganirana, n'kulemba mu lipoti ngati mzere wanu wapirira pa yonse kapena wagwa pa ina.