Malo Ogona Pafupi ndi UNZA: N'cifukwa Ciani Akusowa?

Aliyense amene anapelekezapo mwana ku University of Zambia, kapena kupita kukaona akulandila digili, adziwa vuto la pogona. Kholo licoka ku Chipata kapena ku Petauke m'mamawa, litsika pa Intercity madzulo, ndipo lipeza malodge a ku Kalundu ndi ku Handsworth atadzala kale. Zipinda zotsala zimakhala zodula kuposa masiku onse.

Vutoli linayambila mkati mwa yunivesite. UNZA inatsegulidwa mu 1966 ndi ophunzila mazana ocepa cabe. Lelo ophunzila ali zikwi zambili, koma mahositelo sanaonjezeke mofanana ndi ciwelengelo cao. Ena amagona mopanikizana m'cipinda ca anzao, zimene amazicha "squatting". Ambili amabweleka bedi m'nyumba za ku Kalingalinga, Ng'ombe ndi Mtendere. Eni nyumba anaona kuti kubweleketsa bedi limodzi-limodzi kumabweletsa ndalama zambili kuposa kubweleketsa nyumba yonse kwa banja limodzi, ndipo nyumba zambili zasanduka ma boarding house. Conco mlendo wa masiku awili apikisana ndi wophunzila wa caka conse. Ngakhale wacibale wa mu Lusaka amene kale anali ndi cipinda ca alendo, mwina anaikamo kale ophunzila.

Cina n'cakuti mseu wa Great East uli ndi alendo ake. Mulungushi International Conference Centre ili pafupi, ndipo kuciyambi kwa August cionetselo ca zaulimi ndi zamalonda pa Showgrounds cimakoka anthu ocokela m'dziko lonse. Tsiku lanu likagwela pa msonkhano waukulu, zipinda zimatha msanga. Ndipo popeza boma linayamba maphunzilo aulele mu 2022, ana ofika Giledi 12 adzaculuka, ndi ofuna malo pa yunivesite naonso.

Kusowa kwa malo kumapatsa mpata anthu acinyengo. Munthu aika zithunzi za cipinda pa Facebook, apempha kuti mutumize ndalama pa foni, kenako nambala yake ileka kugwila. Palinso nkhani ya ukhondo. Kolela ya mu 2023 ndi 2024 inavuta kwambili mu Lusaka mpaka masukulu anacedwa kutsegulidwa. Nyumba ya anthu ambili yokhala ndi cimbudzi cimodzi ndiponso madzi odukaduka si yochipa, ngakhale mtengo wake uoneke wotsika.

Boma ndi yunivesite ayenela kumanga mahositelo ena, ndipo kanselo iyenela kuyendela ma boarding house. Koma zimenezo zidzatenga zaka, pamene mwana wanu atsiliza maphunzilo caka cino. Tsiku la mwambo likangolengezedwa, yambani kufunafuna malo. Musatumize ndalama munthu amene mumudziwa asanakaone cipindaco ndi maso. Funsani ngati lodge ili ndi laisensi, ngati madzi amatuluka tsiku lonse, ndiponso zimene amacita malaiti akapita. Musaumilile kugona pageti pa yunivesite. Ku Chelstone ndi ku Avondale kuli malo, ndipo minibasi imodzi ya m'mawa idzakufikitsani. Kwa inu amene mukusiya mwana mu boarding house, lowani m'cipindaco, welengani mabedi, onani cimbudzi ndi loko wa pacitseko, ndipo mukalipila mutenge lisiti.