Kukhala pansi si kutha kwa volleyball

Pali mawu amene amamveka pa mabwalo a mu Lusaka, kuyambira kuno ku Emmasdale mpaka ku Kabwata ndi Chelstone, wosewera akavulala koopsa: "Basi, zake zatha." Dzulo anali kusmasha mpira anthu n'kumakuwa. Lero wachita ngozi pa msewu, kapena bondo lakana. Timu imusonkhera kandalama, imuyendera kawiri ku chipatala, kenako dzina lake lizimirira pa gulu la WhatsApp. Ife tikana mchitidwe umenewu. Uku n'kuika munthu m'manda akali kupuma.

Tamvani za Whitney Dosty wa ku America. Anasewera volleyball yoimirira pa University of Arizona, kenako m'matimu a malipiro kunja kwa dziko lake. Atavulala pa akakolo, kulumpha kunatha. Kukanakhala kuno, anthu akanamuuza kuti ayambe kugulitsa salaula aiwale za mpira. Iye anakhala pansi n'kuyamba kuphunzira masewerawa mwatsopano. Mu 2021, pa Paralympics ya ku Tokyo, anali mu timu ya akazi ya America imene inagonjetsa China n'kutenga mendulo ya golide. Mu timu yomweyo munali Jillian Williams, amene anali kusewera yoimirira pa Texas Lutheran University asanapezeke ndi khansa ya m'mafupa mu 2016. Mwendo anaudula, koma manja sanaiwale mpira.

Ena amati volleyball yokhala pansi ndi kamasewera kosangalatsa olumala kuti asamadandaule. Amene amakamba zimenezi sanayesepo. Bwalo lake ndi mamita 10 m'litali ndi 6 m'lifupi, pamene la yoimirira ndi 18 ndi 9. Neti ya amuna ili pa mita 1.15, ya akazi pa 1.05. Bwalo likachepa, neti n'kutsika, mpira umakufika msanga usanaganize n'komwe. Manja omwewo amene ukwawira pansi ndiwo ayenera kulandira mpira. Ukatukula matako pomenya, walakwa. Ndipo kuno n'kololedwa kutchinga sevu pa neti, chimene mu yoimirira n'choletsedwa. Wosewera wochokera ku yoimirira amabwera ndi diso lodziwa kuwerenga mpira komanso dzanja lodziwa kumenya, koma kayendedwe amayamba ngati mwana wa giredi 1. Ichi si chifundo ayi, ndi ntchito ya thukuta.

Masewerawa si a dzulo. Anayambira ku Netherlands mu 1956, analowa mu Paralympics mu 1980, ndipo akazi anayamba kulimbirana mamendulo mu 2004 ku Athens. Musanene kuti ndi za azungu. Amuna a Iran ndiwo akhala akulamulira masewerawa. Amuna a Egypt anatenga mendulo ya nambala 3 ku Rio mu 2016 ndiponso ku Paris mu 2024. Akazi a Rwanda anasewera ku Rio, ku Tokyo ndi ku Paris. Rwanda ndi kadziko kakang'ono kopanda nyanja yamchere monga ife. Nanga iwo ali ndi chiyani chimene Zambia ilibe?

Yankho lozolowereka tilidziwa: kulibe ndalama. Tikambe zoona. Basketball ya pa njinga za olumala ifunadi ndalama, chifukwa njinga zake n'zodula. Koma volleyball yokhala pansi ifuna mpira, neti yotsitsa ndi pansi posalala. Vuto lenileni lili pa pansipo, chifukwa konkire yokhakhala ya mabwalo athu a panja ingasupule zikhatho tsiku limodzi. Koma maholo a masukulu ndi a matchalitchi alipo, ndipo masana ambiri amakhala okhoma kudikira kitchen party ya pa Chiweru. OYDC, imene inatsegulidwa mu 2010, ili pa Great North Road pompano, ulendo wa minibasi imodzi kuchoka ku Emmasdale. Vuto lina ndi la mayendedwe: munthu wa ndodo kukwera minibasi yodzaza madzulo si masewera. Timu imene imapeza ndalama ya mayunifomu atsopano ingalephere bwanji kusonkhera mnzawo ndalama ya mayendedwe kawiri pa sabata?

Dziko lathu lili ndi lamulo la anthu olumala la mu 2012, ndipo tsiku la 3 Disembala limakumbukiridwa chaka chilichonse ndi maperete ndi malankhulidwe. Zabwino. Koma wosewera sakula ndi masewera a tsiku limodzi pa chaka, ojambulidwa zithunzi akuluakulu atavala masikipa atsopano. Amakula ndi maphunziro a Chiwiri ndi Chinayi, mwezi ndi mwezi, ndi kochi amene amamukalipira akataya sevu monga akalipira wina aliyense. Kumuombera m'manja chabe chifukwa wabwera n'kumunyoza.

Choncho pempho lathu lipita kwa inu makochi ndi makaputeni a matimu a m'makomboni ndi m'masukulu. Musadikire kalata yochokera ku Zambia Volleyball Association kapena ku National Paralympic Committee of Zambia. Tsitsani neti kamodzi pa sabata, timu yonse ikhale pansi. Ku America ndi ku Netherlands, olumala ndi osalumala amasewera pamodzi m'makalabu, ndipo palibe amene amachita manyazi. Osewera anu oimirira adzaphunzira kulandira mpira mwachangu, ndipo mnzawo amene anavulala adzapeza anthu osewera nawo.

Ndipo inu achinyamata, mukumudziwa yemwe anali kusewera nanu koma tsopano amangokhala pa khomo. Nambala yake ikali mu foni yanu. Musamutumizire "pepa" wina. Muuzeni tsiku, nthawi ndi holo, ndipo mupite mukamutenge.