Chatsopano Nachonso Chimanama

Timadandaula kaŵirikaŵiri kuti amakaniko amachedwetsa galimoto. Tsono tamvani za mmodzi wa kwathu kuno. Galimoto imene imatinyamulira odwala inapita kwa iye kukangosinthitsa oyilo ndi sefa yake, monga achitira ikayenda makilomita 5,000. Sefayo inali yatsopano, ya m'bokosi lokongola ndithu. Atamanga, mwa chizoloŵezi chake, analiza injini nagwada kusuzumira kunsi. Oyilo anali kudontha, pakuti kamphira kotseka pakamwa pa sefa kanali kong'aluka chichokere kusitolo.

Injini ikatha oyilo imatentha ndi kuuma gwa m'mphindi zoŵerengeka, mwina pakati pa thengo, usiku, wodwala ali m'kati. Koma mwini galimotoyo anangonyinyirika kuti wataya ola lathunthu podikira sefa ina.