Galimoto ikasintha nkhope, wogula ayang'ane mafupa

Pa malo oimika chapa ku Ulongwe, ku Zóbuè ndi ku Furancungo, madalaivala ndi makondakitala akakhala kudikira kuti galimoto idzaze, pali mkangano umene sutha. Ena amati Toyota Hilux ya 2012 ndiyo yokongola kuposa ya 2006. Anzawo akana, nati ya 2006 inali ndi nkhope yaulemu, ndipo yotsatirayo inangotupa masaya. Chodabwitsa n'chakuti magalimoto awiriwa ndi mtundu umodzi. Chasisi ndi chomwecho, zitseko ndi zomwezo, denga ndi lomwelo, ndipo ambiri a iwo injini yake ndi yomweyo. Chimene chinasintha kwambiri ndi kumaso.

Mkanganowu ungaoneke ngati macheza opititsa nthawi, koma mkati mwake muli ndalama. Mlimi wa ku Tsangano kapena ku Domwe amene wakhala zaka zambiri akusunga za mbatata ya kachewere, nyemba kapena fodya, tsiku lina amanyamuka kupita ku Tete kukagula pikapu. Kumeneko amapeza magalimoto awiri a mtundu umodzi, koma wogulitsa akuti ina ndi yodula chifukwa ndi ya nkhope yatsopano, imene iwo amati facelift. Tsono mlimiyo ayenera kudziwa chimene akulipirira ndalama zoonjezerazo.

Nkhaniyi imayambira ku mafakitale a kutali, ku Japan, ku Thailand ndi ku Durban, kumene Hilux yambiri yoyenda m'misewu ya kum'mwera kwa Africa imapangidwa. Kampani ikatulutsa mtundu watsopano wa galimoto, imafuna kuugulitsa zaka 6 kapena 8, ndipo pikapu imatha kufika zaka 10. Komatu pakapita zaka zitatu kapena zinayi, maso a ogula amatopa, ndipo makampani ena amakhala atatulutsa zawo zatsopano. Kupanga galimoto ina kuyambira pansi kumadya ndalama zosaneneka. Denga, zitseko ndi pansi pa galimoto amaziumba ndi zikombole zikuluzikulu zachitsulo, ndipo chikombole chilichonse ndi chuma. Kotero kampani imasiya zikombole zodulazo, n'kusintha zimene zili zotchipa: bampala, nyali, sefa ya kutsogolo yolowetsa mphepo ku injini, nthawi zina boneti ndi madigadi. Zambiri mwa izi ndi pulasitiki yomangidwa ndi mabawuti.

Nzeru imeneyi si ya lero. Ku America, Henry Ford anagulitsa galimoto yake ya Model T kuyambira 1908 mpaka 1927 osaisintha kwenikweni. Mnzake wopikisana naye, Alfred Sloan wa General Motors, anaona kuti munthu angasiye galimoto yoyenda bwino ngati ya mnansi wake ikuoneka yatsopano. Mu 1927 kampaniyo inakhazikitsa gawo loona za maonekedwe okha, lotsogozedwa ndi Harley Earl, ndipo kusintha nkhope chaka ndi chaka kunasanduka mwambo. Apa mpamene pali phata la nkhani: cholinga choyamba cha nkhope yatsopano ndicho kukalambitsa yakale m'maso mwa anthu. Kukongoletsa kumabwera pambuyo, ngati kwabwera.

N'chifukwa chake nthawi zambiri nkhope yoyamba ndiyo imakhala bwino pa thupi lake. Amene anajambula galimotoyo poyamba anajambula zonse pamodzi. Mzere wochokera pa nyali unkadutsa pa chitseko mpaka kumbuyo, ndipo kukula kwa mphuno kunkayenerana ndi kukula kwa magalasi. Amene wapatsidwa ntchito yosintha pakati pa ulendo ali ngati mmisiri amene wauzidwa kuti amange khonde latsopano pa nyumba ya mwini, osakhudza khoma kapena denga. Kuti anthu aone kuti wagwira ntchito, amakulitsa kamwa, n'kuonjezera zitsulo zonyezimira, n'kusongola nyali. Kutsogolo kumalusa, koma m'mbali muli mofatsa monga kale. Munthu akaima chapatali n'kuyang'ana galimotoyo cham'mbali, amaona kuti mutu ndi thupi sizinabadwe tsiku limodzi.

Koma kunena kuti kusintha konse kumaipitsa kungakhale kunama. Pali nthawi imene nkhope yoyamba imalephera, ndipo yachiwiri imapulumutsa malonda. Subaru Impreza ya mu 2000 inatuluka ndi nyali zobulungira zotong'oka zimene ogula ambiri anaziseka. Kampaniyo inazisintha mu 2002, n'kusinthanso mu 2005. Mitsubishi Triton, imene kwina imatchedwa L200, inatuluka cha m'ma 2015 ndi nkhope yofewa yosayenerana ndi galimoto ya katundu, ndipo kumapeto kwa 2018 inapatsidwa mphuno yokwera ndi yamakona imene inaikhala bwino kuposa yoyamba. Pamenepa wosintha anali ndi cholakwa chenicheni choti akonze, ndipo anachikonza.

Palinso nthawi imene nkhope imasintha chifukwa cha zimene zachitika mkati. Chitsanzo chodziwika kwa aliyense wa m'maboma a m'malire ndi Land Cruiser 70, imene imanyamula odwala, alangizi a zaulimi ndi katundu wa mishoni. Inayamba kupangidwa mu 1984 ndi nyali ziwiri zobulungira ndi mphuno yopapatiza. Mu 2007 Toyota inafuna kulowetsamo injini ya dizilo ya V8 ya malita 4.5, ndipo injiniyo sinkakwana. Anakulitsa kutsogolo, nyali zobulungira zinachoka, n'kubwera zazikulu zamakona. Ngakhale zimene zinapitiriza kubwera ku Africa ndi injini yakale ya 1HZ ya malita 4.2 zinavala nkhope yomweyo. Koma pokulitsa kutsogolo sanakulitse kumbuyo, kotero mawilo a kumbuyo sapondanso ndendende pamene apita a kutsogolo. Pa tala palibe amene amazindikira, koma mu mchenga ndi m'matope madalaivala amadandaula nazo. Ndipo mu 2023, posinthanso galimotoyo ndi kuikamo injini ya malita 2.8, kampaniyo inabwezera nyali zobulungira. Patapita zaka 16, eni ake anabwerera ku maso a mu 1984. Umenewu ndi umboni wakuti nkhope yoyamba inali ndi kanthu.

Hilux nayo ili ndi phunziro lake. Mtundu umene unayamba mu 2004 ku Thailand, n'kufika ku South Africa mu 2005, unasinthidwa pang'ono mu 2008, kenaka kwambiri mu 2011, pamene boneti, madigadi, nyali ndi bampala zonse zinakhala zina. Injini ya 3.0 D-4D inapitirira monga kale. Mtundu wotsatira unatuluka mu 2015, ndipo pamene unasinthidwa mu 2020, injini ya malita 2.8 inakwezedwa mphamvu kuchoka pa makilowati 130 kufika pa 150. Zosintha ziwirizi sizofanana. Wogula ya 2020 akulipira nkhope pamodzi ndi mphamvu yokwera nayo phiri atasenza matumba. Wogula ya 2011 m'malo mwa ya 2010 akulipira makamaka maonekedwe. Onse awiri angakhale ndi zifukwa zawo, koma aliyense adziwe chimene wagula.

Ena anganene kuti kukongola kuli m'maso mwa woona, ndipo munthu ali ndi ufulu wokonda chimene wakonda. Zimenezo n'zoona, ndipo palibe amene angaletse mnyamata wa chapa kunyadira nyali zosongoka. Anganenenso kuti galimoto ya nkhope yatsopano imagulitsika msanga tsiku loisiya, ndipo apanso sakunama. Palinso zosintha zina zobwera ndi malamulo a maiko ena, monga nyali zoyaka masana zimene maiko a European Union analamula pa mitundu yatsopano ya magalimoto kuyambira 2011. Koma kumudzi kukongola kuli ndi muyeso wina umene wojambula wa ku Japan saudziwa. Galimoto yokongola ndi imene ikhalabe yathunthu pambuyo pa dzinja.

Bampala wotsika wa pulasitiki amaoneka bwino pa chithunzi. Pa msewu wa fumbi wochokera ku munda kupita ku msika wa Biri-Biri, amakanda pansi pa chigwembe choyamba, ndipo pakutha pa mwezi amakhala atamangidwa ndi waya. Nyali yakale ikafa, dalaivala amagula babu pa msika, n'kuika yekha ndi manja. Nyali zambiri zatsopano za LED zimabwera zomatidwa, ndipo ikafa kapena ikaswedwa ndi mwala kapena nyanga ya ng'ombe, imagulidwa yonse yathunthu. Mtengo wake umatha kumeza phindu la maulendo ambiri. Galimoto ya diso limodzi, kapena ya nyali yomatidwa ndi selotepi, siingatchedwe yokongola, kaya ndi ya chaka chiti.

Vuto lina ndi la zipangizo. Kusintha kulikonse kumagawa mtundu umodzi kukhala mitundu iwiri kapena itatu pa shelefu ya wogulitsa masipeya. Nyali ya Hilux ya 2012 siilowa pa ya 2007 popanda kusinthanso zitsulo zoizungulira. Toyota Hiace ya mtundu umene unayamba mu 2004, umene ku South Africa unatchedwa Quantum, inasinthidwa kumaso mu 2007, mu 2010 ndi mu 2013. Mwini chapa amene watuma munthu ku Tete, ku Lilongwe kapena ku Blantyre kukagula nyali, n'kungonena kuti ya Hiace, akhoza kulandira chinthu chosalowa, ndipo ndalama ya ulendo yapita. Safunsa anadya phula. Wotuma atumize chithunzi cha nyali yakale ndi nambala ya chasisi.

Choopsa koposa ndi chinyengo. Popeza nkhope ndi ya mabawuti, munthu aliyense wodziwa ntchito ya bate-chapa angathe kuichotsa n'kuika ina. Zipangizo zosandutsira galimoto yakale kuti ioneke ngati ya chaka chaposachedwa zimagulitsidwa poyera, ndipo kuzigula si mlandu. Mlandu umayamba pamene wogulitsa abisa zimenezi, n'kutchula mtengo wa galimoto ya 2013 pa galimoto ya 2006. Nthawi zinanso nkhope yatsopano imakhala chophimba cha ngozi: galimoto inagunda, chasisi chinapindika, ndipo kumaso kwatsopano kwaikidwa kuti chilonda chisaoneke. Akulu anati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndipo ngakhale nkhope itaikidwa ndi fakitale yeniyeni, siisintha mafupa. Pikapu ya Nissan ya mtundu umene unayamba mu 1997 inapitiriza kugulitsidwa yatsopano ku South Africa ndi dzina la NP300 Hardbody kwa zaka zambiri, itakonzedwa kumaso. Mu 2018 bungwe la Global NCAP, pamodzi ndi Automobile Association ya ku South Africa, linaiyesa poigundanitsa, ndipo pa chitetezo cha akuluakulu okwera sinapeze nyenyezi ngakhale imodzi. Penti inali yatsopano, koma thupi linali la pulani yakale. Amene amanyamula ana a sukulu ndi amayi opita ku msika aiganizire nkhani imeneyi kuposa maonekedwe a nyali.

Tsono wogula achite chiyani? Ayambire pa mapepala. Nambala ya chasisi yolembedwa mu livrete ifanane ndi imene yadindidwa pa chitsulo cha galimotoyo, ndipo chitsulocho chisaoneke chopalidwa kapena chowotcheredwa. Pa magalimoto ambiri ochokera ku Japan, kansalu kosokedwa m'munsi mwa lamba wa pampando kamasonyeza chaka chimene lambayo anapangidwa, ndipo chaka chimenecho sichitalikirana ndi cha galimoto. Atsegule boneti, ayang'ane mabawuti a madigadi ngati anamasulidwapo, aone ngati penti ya kutsogolo ikufanana ndi ya zitseko padzuwa. Apite ndi makaniko wake, osati wa wogulitsa, ndipo makanikoyo alowe pansi. Asanapereke meticais ake, afunse pa sitolo ya masipeya mtengo wa nyali imodzi ndi bampala wa galimotoyo. Yankho la funso limeneli laletsa anthu ambiri kugula chinthu chowalemera.

Pa funso lakuti kusintha kwa pakati pa ulendo kumakongoletsa kapena kumaipitsa, yankho loona ndi ili. Kumakongoletsa pamene panali cholakwa choti chikonzedwe, kapena pamene nkhope yatsata ntchito yeniyeni yochitika mkati. Kumaipitsa pamene cholinga chili chongoti mwini galimoto yakale achite manyazi. Ndipo kwachiwiriku ndiko kumachuluka, pakuti kumeneko ndiko kunayambira mwambo wonsewu.

Mkangano wa pa malo oimika chapa upitirira, ndipo palibe choipa, chifukwa umafupikitsa nthawi yodikira. Koma mlimi amene wanyamula thukuta la zaka zisanu m'thumba asalowe nawo mkanganowo. Iye agwade, ayang'ane pansi pa galimoto, awerenge nambala. Matumba a mbatata amanyamulidwa ndi chasisi, masipulingi ndi injini, ndipo zimenezo ndizo ayenera kulipira.