Mpanda wa Njerwa Suphunzitsa Mwambo

Akuluakulu ena a boma okhala ku Area 43 amanyoza masewero a Chichewa, namati ndi zachimidzi. Dzuwa likalowa amatseka geti, ana awo n'kumaleredwa ndi makanema akunja. Zimenezi n'zochititsa manyazi! Kodi iwowo sanakule akumvera Kapalepale pa wailesi ya MBC? Aiwala Izeki ndi Jakobo, amene ankadzudzula makhalidwe oipa anthu ali kuseka? Gule Wamkulu, amene bungwe la UNESCO linamulemekeza mu 2005, wakhala akulangiza mtundu pabwalo kuyambira makedzana. Mwana wosaona sewero la kwawo amasanduka mlendo m'dziko lake lomwe. Choncho atsogoleri a Chipani ndi ogwira ntchito m'boma atsegule magetiwo, apite ndi ana kukaonera zisudzo. M'mera mpoyamba.